Ana akufuna kupanga chojambula choyankha anthu: tiyambire pati?

Funso la lero lachokera kwa mphunzitsi wa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera. Iye akuti: "Ndimayang'anira kalabu ya zaluso. Ana anga a Fomu 3 aona pa foni zojambula zimene zimayaka kapena kulira munthu akazikhudza, ndiye akufuna kupanga chawo choti adzaonetse makolo pa tsiku lotsekera teremu. Tili ndi laputopu imodzi yakalekale, kalabu ili ndi ndalama zochepa, magetsi amabwera mwa apo ndi apo, ndipo ine ndinaphunzira kujambula, za mawaya sindizidziwa. Kodi zingatheke? Tigule chiyani?"

Aphunzitsi, zitheka ndithu, koma musagule kanthu kaye. Laputopu imodziyo ndi yokwanira. Zoti simudziwa za mawaya zisakusowetseni tulo, chifukwa mbali yovuta ya ntchitoyi ndi imene mukuidziwa kale: kusankha chimene mlendo adzaone, chimene adzachite ndi thupi lake, ndi chimene chidzamukhudze mumtima. Kulumikiza mawaya mwana wa Fomu 3 amakuphunzira msanga, mwina kuposa ife akuluakulu.

Dziwaninso kuti zida zambiri zimene anthu amagwiritsa ntchito pa zimenezi anazipangira anthu ngati inu, osati mainjiniya. Arduino inayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, m'chaka cha 2005, pamene Massimo Banzi ndi anzake ankafuna kachipangizo kotchipa koti ophunzira awo a zaluso azitha kupangira zinthu zoyaka ndi zoyenda. Pulogalamu ya Processing anaiyamba Casey Reas ndi Ben Fry mu 2001 kuti ojambula azijambulira pa kompyuta polemba malamulo ochepa. Scratch, imene ndikulangizeni kuti muyambire, inatuluka mu 2007 ku sukulu ya ukachenjede ya MIT, ku America, kuchokera ku gulu la Mitchel Resnick, ndipo anaipangira ana. Choncho inu ndi ana anuwo ndinu eni ake enieni a zida zimenezi.

Chinthu chilichonse choyankha anthu chili ndi mbali zitatu: chomva, choganiza ndi choyankha. Chomva chingakhale batani, kamera kapena maikolofoni. Choganiza ndi laputopu yanuyo. Choyankha ndi mawu, kuwala, chithunzi kapena chinthu chosuntha. Musanakambe za chida chilichonse, auzeni ana amalize chiganizo ichi pa bolodi: "Munthu akachita chakuti, chinthu chathu chichita chakuti." Chochita chikhale chimodzi, yankho likhale limodzi. Adzakana, ndikuwadziwa ana a msinkhu umenewo. Adzafuna kuti chiziyaka, chiziimba, chizizungulira, chizilankhula Chingerezi ndi Chichewa nthawi imodzi. Limbani mtima, aphunzitsi. Ntchito za ophunzira zimene zimafera m'njira, zambiri zimafa chifukwa cha kuchuluka kwa zofuna, osati kusowa kwa ndalama.

Afotokozereni za ntchito ya Daniel Rozin, mphunzitsi wa pa New York University, imene anaipanga mu 1999 n'kuitcha Wooden Mirror. Ndi kalilole wopangidwa ndi timatabwa 830. Pakati pake pali kamera yaing'ono, ndipo kathabwa kalikonse kali ndi kamota kake kokapendeketsa kuti kalandire kuwala kwambiri kapena pang'ono. Munthu akaima kutsogolo, timatabwato timatembenuka, nkhope yake n'kuonekera pa mtengo, uku tikuchita phokoso la waa ngati masamba ouma. Kuseri kwake kuli mawaya osawerengeka, koma mlendo sauzidwa chochita. Amangoima, n'kudziona. Ku London mu 2012, gulu la Random International linaonetsa Rain Room, chipinda chimene mvula imagwa mkati mwake koma imaleka pamalo pamene munthu waima. Nakonso chochita n'chimodzi: kuyenda. Ana anu sangakwanitse mamota 830, koma angakwanitse kupanga chinthu chimene gogo wosadziwa kuwerenga angachimvetse popanda womulongosolera. Muyeso wake ndi umenewo.

Tsono akagwirizana chiganizo chawo, achiyese popanda magetsi. Apange chinthucho ndi makatoni, nsungwi ndi guluu, mwana mmodzi abisale kuseri kwa chitenje ali ndi foni, ndipo mlendo akakhudza pamene akufunapo, wobisalayo aimbitse mawuwo ndi dzanja. Itanani ana a Fomu 1, alonda a pa sukulu kapena amayi ogulitsa mandasi pa geti. Lamulo likhale loti opanga atseke pakamwa, asaloze, asanene kuti "gwirani apa". Angoyang'ana ndi kulemba. Apa ndi pamene amaphunzira zambiri: kuti anthu amaopa kukhudza chojambula chifukwa anakula akuuzidwa kuti chokongola sachigwiragwira, kuti ana aang'ono amamenya m'malo mokhudza, kuti munthu akadikira kanthawi osamva kanthu amachoka. Zonsezi mwazidziwa musanawononge tambala.

Ndikupatseni chitsanzo chimodzi mwatsatanetsatane, chifukwa chimakwanira pa zimene muli nazo. Tengani mtondo ndi munsi. Palibe Mmalawi amene angafunse kuti munsi amatani nawo. Manja amadziwa okha. Ana apite kwa agogo awo kapena amayi achikulire a m'mudzi, apemphe kuti awaimbire nyimbo za pamtondo, ajambule mawuwo ndi foni. Kenako adule nyimboyo m'zidutswa zifupizifupi. Mlendo akasinja kamodzi, chidutswa choyamba chimveke, akasinjanso, chachiwiri. Akaleka, nyimbo ileke. Ndiye kuti nyimboyo imakhalapo pokhapokha wina akugwira ntchito, monga zinalili pa mtondo weniweni, ndipo mnyamata amene sanasinjepo chibadwire adzazindikira ndi mapewa ake chifukwa chimene amayi ankaimbira. Pa khoma mungaike zojambula za anawo zosonyeza manja, lichero, mphale ndi nkhope za oimbawo ngati alola.

Chomva chake n'chosavuta. Pezani mausi yakale ya waya, yotayidwa mu ofesi kapena ya pa kaunjika wa zamagetsi. Mukaitsegula mudzaona kabatani kakang'ono pansi pa pamene chala chimadina, kali ndi timiyendo towotcherera pa kabolodi. Yesani ndi kawaya kuti mupeze timiyendo tiwiri timene mukatikhudzitsa kompyuta imaona ngati mwadina. Pamenepo awotchererepo mawaya awiri ataliatali. Wokonza mafoni kapena mawailesi pa msika achita zimenezi m'kanthawi kochepa, ndipo ndi bwino ana awiri apite naye limodzi akaonerere. Mapeto a mawayawo muwamangirire ku zivindikiro ziwiri za chitini zopalidwa bwino kuti utoto uchoke. Pakati pa zivindikirozo ikani siponji yoboola pakati, kuti zisakhudzane mpaka china chitazipsinja. Kulungani zonse ndi mphira ya chubu cha njinga, muike pansi mkati mwa mtondo, pamwamba muphimbe ndi kathumba ka gaga kuti munsi usaphwanye. Munsi ukagwa, siponji ifinyika, zivindikiro zikhudzana, laputopu imva kuti mausi yadinidwa. Magetsi oyenda m'mawaya amenewa ndi ochepetsetsa, sangapweteke munthu.

Ku laputopu ikani Scratch. Ndi yaulere, ndipo pali mtundu wake wotsitsa kamodzi n'kumagwiritsa ntchito popanda intaneti. Malamulo ake salemba, amangolumikiza timabokosi ta mitundumitundu. Zimene ana akufuna kuuza kompyuta ndi izi: dikira mpaka mausi idinidwe, imba chidutswa chotsatira, onjezera nambala, ukafika kumapeto bwerera poyamba. Pali msampha umodzi umene aliyense amagweramo. Zitsulo ziwiri zikagundana sizikhudzana kamodzi, zimanjanja, ndiye kompyuta imawerenga kusinja kumodzi ngati katatu kapena kanayi, nyimbo n'kumalumpha. Mankhwala ake ndi kuika kabokosi kouza kompyuta kuti idikire masekondi 0.3 isanamvetserenso. Aloleni ana asinthesinthe nambalayo mpaka igwirizane ndi liwiro la munthu wosinja.

Chinanso chimene chimapha ntchito zotere ndi kuchedwa kwa yankho. Munsi ukagunda, mawu amveke nthawi yomweyo. Akachedwa ngakhale pang'ono, mlendo saona kuti iye ndi amene wachititsa. Choncho dulani kachetechete kamene kamakhala koyambirira kwa mawu ojambulidwa, mu Scratch momwemo kapena mu pulogalamu yaulere ya Audacity. Ndipo sipika ilumikizidwe ndi waya. Masipika a Bluetooth amachedwetsa mawu, komanso ambiri amazima okha akakhala kanthawi osalira.

Mukafuna mabatani ambiri, mwachitsanzo mapu a boma lanu opentedwa pa thabwa pamene malo aliwonse ali ndi nkhani yake, gwiritsani ntchito kiyibodi yakale m'malo mwa mausi. Mkati mwake muli timapepala ta pulasitiki tokhala ndi mizere, ndi kabolodi kakang'ono kokhala ndi mano ambiri m'mphepete. Chilembo chilichonse chimangolumikiza mano awiri. Lumikizani kabolodiko ku laputopu, tsegulani polembera, mwana azikhudzitsa mano awiriawiri ndi kawaya, mnzake azilemba chilembo chimene chatuluka. Manowo amakhala okutidwa ndi zakuda zimene mtovu wowotcherera sugwira, ndiye muyambe mwapala pang'onopang'ono mpaka mkuwa uonekere. Ntchitoyi imafuna kudekha, koma mwana amene waichita sadzaonanso kompyuta ngati matsenga.

Pali njira inanso yosafuna waya ngakhale umodzi. Scratch ili ndi mbali yogwiritsa ntchito kamera ya laputopu kuona pamene pali kusuntha. Ana angajambule nsomba, mbalame kapena masamba papepala, kuzijambula ndi foni, kuzilowetsa mu Scratch, ndipo mlendo akagwedeza dzanja kutsogolo kwa kamera zibalalike, akaima duu zibwerere. Ndimaikonda chifukwa zojambula za manja a ana zimakhala patsogolo. Vuto lake ndi kuwala: kamera ikayang'ana ku windo imangoona mithunzi, ndipo khamu likamadutsa kumbuyo imasokonezeka. Ipatseni ngodya yakeyake, kumbuyo kwa mlendo kukhale khoma kapena nsalu yosasuntha.

Tsopano za kugula, ngati kalabu ingapeze kandalama kapena wina wakufuna kwabwino atafunsa chimene angakuthandizeni. Makey Makey, bolodi yaing'ono yolumikiza ku kompyuta imene Jay Silver ndi Eric Rosenbaum anaitulutsa mu 2012, ndi yophweka kuposa zonse. Kompyuta imaiona ngati kiyibodi, koma imamva ngakhale magetsi ochepa odutsa m'thupi la munthu, mu nthochi, m'dongo lonyowa kapena mu mzere wa pensulo wodetsedwa kwambiri. Mlendo amagwira waya umodzi ndi dzanja lina, n'kukhudza chojambula ndi linalo. Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi: waya umodzi augwire munthu uyu, wina augwire uyo, ndipo nyimbo imveke pokhapokha awiriwo akapatsana moni wa m'manja. Makolo amene samadziwana amayamba kugwirana chanza ndi kuseka. Kumbukirani kuti khungu likauma kwambiri, monga m'miyezi ya chisanu, nthawi zina siimva bwino. Kansalu konyowa kopukutira zala kakhale pafupi.

Mukafuna chinthu choima pachokha, chopanda laputopu, sankhani micro:bit, kakompyuta kakang'ono kokwana m'dzanja. Bungwe la BBC linaitulutsa mu 2016 n'kuigawa kwa ana asukulu a ku Britain. Ili ndi timagetsi 25, mabatani awiri, imamva ikagwedezedwa kapena kupendekeka, imatha kulankhulana ndi inzake popanda waya, ndipo mtundu wake wa 2020 uli ndi maikolofoni ndi kasipika. Imayendera mabatire awiri a AAA, ndipo malamulo ake ndi a timabokosi ngati Scratch. Arduino ndi yamphamvu pa zoyendetsa mamota ndi magetsi ambiri, koma imafuna kulemba malamulo ndi kudziwa zina za magetsi, monga kuika resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa) ya 220 ohms kuti kagetsi ka LED kasapse. Ine ndingaisungire chaka chamawa, ana atazolowera. Mukadzafikapo, mudzakumana ndi kachipangizo kotchuka ka HC-SR04, koyeza kutalika kwa pamene munthu waima, kuyambira masentimita 2 mpaka mamita 4, potumiza phokoso limene khutu silimva n'kudikira kuti libwerere. Nsalu zofewa ngati juzi zimameza phokosolo, ndiye muyese ndi anthu ovala zosiyanasiyana. Chilichonse choitanitsa kunja chiitanitsidwe koyambirira kwa teremu, ndipo ntchito isaime podikira katundu.

Pa za magetsi sindinyengerera. Magetsi a pa khoma ndi a mavolti 230 ndipo amapha. Mwana asatsegule chilichonse cholumikizidwa ku khoma, asadule waya wa soketi, asayese kuyatsa babu la m'nyumba ndi batani lopanga yekha. Zonse zimene mlendo angakhudze ziziyendera mabatire kapena USB, basi. Wailesi yakanema yakale ya chimimba isatsegulidwe ngakhale itazimitsidwa, chifukwa imasunga magetsi mkati. Batire ya foni yotupa isalowe m'kalasi. Pamene anthu akukhudza mawaya opita ku laputopu, ichotseni pa chaja iziyendera batire yake. Zimenezi zikuthandizaninso pa vuto lanu la kuzimazima kwa magetsi: konzani zonse ngati kuti pa tsikulo magetsi kulibe. Yezani kuti laputopu imakhala nthawi yaitali bwanji ikadzaza. Ngati batire yake inatha mphamvu, bwerekani ina, kapena gawani chionetsero m'zigawo zifupizifupi. Dziwaninso kuti ma power bank ambiri amazima okha chipangizo chikamakoka magetsi ochepa kwambiri, ndiye muyese wanuwo kwa ola lathunthu, osati mphindi ziwiri.

Pali nkhani ina imene mabuku a zamagetsi sakamba koma inu mukuidziwa kulemera kwake. Ana akamafuna chinthu "chachikhalidwe", maganizo awo amathamangira ku Gule Wamkulu. Gule ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo kuti UNESCO inamuzindikira mu 2005 sizitanthauza kuti aliyense angatenge chigoba n'kuikamo timagetsi m'maso. Musapite kumeneko popanda kukambirana ndi mafumu ndi akuluakulu a dambwe, ndipo akakana, kwatha. Zojambula za pa miyala ya ku Chongoni, ku Dedza, nazonso zina n'zokhudza chinamwali ndi Nyau, choncho mwana asangokopera chifukwa zaoneka bwino. Zinthu za tsiku ndi tsiku zilipo zambiri zopanda mlandu: bawo, galimoto za waya, mjigo, phokoso la pa depoti, kuitana kwa ogulitsa pa msika. Ngakhale pa nyimbo za pamtondo paja, woimba auzidwe kuti mawu ake adzamveka pagulu. Zina mwa nyimbozo zimadzudzula mwamuna kapena apongozi odziwika m'mudzimo, ndiye mwini wake asankhe yekha imene ingatuluke. Dzina lake lilembedwe pa khoma ngati afuna, ndipo aitanidwe pa tsikulo.

Pogawa ntchito m'gulu, yang'anitsitsani chinthu chimene chimachitika chokha mukapanda kulowererapo: anyamata amalanda laputopu ndi mawaya, atsikana n'kupatsidwa utoto ndi tsache. Musalole. Azisinthana, ndipo pa tsiku lomaliza mufunse aliyense, mosasankha, kuti alongosole njira yonse kuchokera pa munsi mpaka pa sipika. Gulu likhale ndi kope limodzi lolembamo zimene ayesa, zimene zakanika ndi chifukwa chake, ndi zojambula za mmene mawaya ayendera. Ngati mudzapereke malikisi, kope limeneli lilemere mofanana ndi chinthu chomalizidwacho, ndipo funso lalikulu likhale loti mlendo anachimvetsa yekha kapena ayi. Mukafuna wokuthandizani, lembani kalata ku sukulu za ukachenjede zimene zili pafupi nanu. Ku MUBAS ku Blantyre kuli ophunzira za magetsi ndi makompyuta, ku MUST ku Thyolo amaphunzitsa za sayansi ndi za chikhalidwe pa sukulu imodzi, ku University of Malawi ku Zomba kuli a zojambula ndi zisudzo, ndipo ku Lilongwe kuli mHub, malo othandiza achinyamata pa za luso la makompyuta. Ophunzira akale a pa sukulu panu amene ali kumeneko ndi oyamba kuwafunsa akabwera ku holide. Koma mlendoyo adzaphunzitse, asadzawapangire.

Kukatsala mlungu umodzi, lengezani kuti palibenso chatsopano chowonjezera. Mlungu umenewo ndi wolimbitsa. Chinthu chimene chimagwira ntchito pa tebulo la opanga, m'manja mwa anthu ochisamala, chimatha kufa mphindi zochepa chikakumana ndi ana a pulayimale obwera ndi makolo awo. Mawaya onse amangidwe ku thabwa kapena ku mwendo wa tebulo, kuti wina akakoka, chokokedwa chikhale mfundo osati powotcherera. Odutsa pansi aphimbidwe ndi mkeka. Laputopu ibisidwe m'katoni yoboola kuti mpweya uzilowa, chifukwa ikaonekera anthu amasiya chojambula n'kuunjikana pa sikirini. Muiletsenso kugona yokha ndi kuonetsa mauthenga. Chotsani china chilichonse pa sikirini chimene mausi ingadine mwangozi, ndipo pansi pa mausiyo mumatepo tepi kuti kamuvi kasasunthe. Kenako itanani kalasi yovuta kuposa onse pa sukulupo, muisiye isinje mmene ikufunira. Chimene chithyoke tsiku limenelo chikonzedwe kawiri: chimodzi cholowa mu mtondo, china chosungira.

Pa tsiku lenilenilo, kayeseni m'chipinda chomwecho m'mawa anthu asanafike, chifukwa holo yodzaza imameza mawu amene m'kalasi ankamveka bwino. Ana awiri aziima pafupi mosinthana, ali ndi kabokosi ka tepi, waya, pulayala, mabatire ndi chomva chosungira chija. Ntchito yawo ndi kukonza ndi kuyankha mafunso, osati kuuza anthu chochita. Wachitatu akhale chapatali ndi kope lija, azilemba amene anayamba kugwira munsi, amene anangoonerera, ndi zimene anthu ankanena pochoka. Ngati mukufuna kuyamba mlungu uno, pemphani ana abwere ndi mausi yakale, zivindikiro ziwiri za chitini ndi chubu chotha cha njinga, inu mutsitse Scratch pa laputopu mukapita kumene kuli intaneti.